Timatchalitchi ta ku Svaneti musatiderere

Achimwene, mwafunsa ngati muli choti n'kukaona m'matchalitchi a m'midzi ya kumapiri ku Svaneti, m'dziko la Georgia, poti ndi aang'ono chonchi. Kunja kwake ndi timanyumba tamiyala ta chipinda chimodzi basi, koma talowani mkati. Ku Iprari, makoma a tchalitchi cha Angelo Akuluakulu anajambulidwa mu 1096 ndi Tevdore, yemwe malemba a pakhomapo amamutchula kuti wojambula wa mfumu. Iye yemweyo anajambulanso ku Nakipari mu 1130. Kumeneko George Woyera ali pa kavalo, ndipo mkondo wake ukubaya mfumu Diocletian, yozunza Akhristu ija, osati chinjoka ayi. Chimenechi chimandigwira mtima kwambiri. Nthawi zambiri m'matchalitchimu mumakhala mokhoma, choncho mukapita, kafunseni makiyi mwaulemu kwa eni mudzi.