Musamvere zoti "muli mileme yokha"

Mayi amene mukufuna kukaona phanga ndi ana, ana anuwo musalowe nawo m'phangamo chifukwa choti wina wakuuzani kuti muli mileme yokha. Mawu omwewo ndi amene anandivulazitsa ine.

Tinalipo anayi, kuphatikiza wotiperekeza amene tinamulipira. Pakhomo pa phanga panali mafupa ouma mbwee, ena otafunidwa, ndi minga iwiri yamawanga akuda ndi oyera. Nditamufunsa anangoseka, ati nzakalekale. Chonsecho nungu imatutira mafupa kumene imagona n'kumawakukuta, ndipo munthu wodya ndalama za ntchito imeneyi ayenera kudziwa zimenezo.

Tinafika popanikiza, pokwawa ndi mawondo, ine patsogolo tochi ili kukamwa. Ndinangomva tcheketcheke pafupi ndi nkhope. Nungu! Siponya minga ngati mmene anthu amanenera ayi, imatembenuka n'kukugunda chambuyo. Minga itatu inalowa pamkono, wina paphewa. Nditakuwa, mileme inadzambatuka yonse, kundiwomba kumaso, fumbi la zitosi zake lili thoo m'kamwa ndi m'mphuno. Kubwerera kosatheka, mnzanga wanditsekera kumapazi, tochi yagwa, mdima bii, chinyama chikulizabe mchira wake pompo. Wotiperekeza uja anali atatuluka kale. Tinamupeza panja akunena kuti ndinaiputa ndekha. Mpaka lero sanapepese, ndipo ndikamukumbukira mtima umandiwawa kuposa zipserazi.

Mabala anapola. Koma patatha masabata awiri ndinayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, mpaka kuyezedwa TB. Anapeza histoplasmosis, matenda obwera ndi fangasi amene amamera m'zitosi za mileme, ndipo umangomupuma ndi fumbi. Choncho ngakhale "mileme yokhayo" si yochezera. Mu 2008 mayi wina wa ku Netherlands anamwalira ndi matenda oopsa a vairasi otchedwa Marburg atalowa m'phanga la Python ku Uganda, momwe mumakhala mileme yodya zipatso. Nanga nyalugwe amene amabisa ana ake m'mapanga, fisi, nsato? Ku Kitum, pa phiri la Elgon ku Kenya, ngakhale njovu zimalowa usiku kukakumba mchere.

Ngati mwatsimikizabe kupita, pezani wokuperekezani wodziwa malowo, ndipo mumumvere. Valani zotchinga pakamwa ndi pamphuno, tochi zikhale ziwiri, ana atsale panja ndi munthu wamkulu. Koma mukaona mafupa, minga kapena ndowe zaziwisi pakhomo, bwererani pomwepo, kaya wokuperekezaniyo anene chiyani.