Mtengo wa makalasi otsatizana: kuwerengera kwake ndi pomwe pamavutira

Mayi wina watilembera imelo. Amaphunzitsa kusoka, makalasi 8 otsatizana, mipando 12, ndipo pulogalamu yawo yosungitsira malo imawalola kugulitsa tikiti ya makalasi onse komanso ya tsiku limodzi. Akufunsa kuti mitengo iwiriyi isiyane bwanji, komanso zinatheka bwanji kuti tsiku lina kubwere anthu 15, aliyense atanyamula tikiti yake.

Mayi, tiyambe ndi za anthu 15 zija. Nthawi zambiri zimachitika pamene tikiti ya makalasi onse yakhazikitsidwa ngati chochitika chapadera chokhala ndi mipando yakeyake 12, kenako tsiku lililonse n'kukhalanso ndi mipando yake 12. Pulogalamu siidziwa kuti chipinda ndi chimodzi, imangogulitsa uku ndi uku. Pomwe mumalemba chiwerengero cha malo, onetsetsani kuti matikiti onse akutapa m'nkhokwe imodzi, kuti munthu akagula tikiti ya makalasi onse, mpando umodzi uzichoka pa masiku onse 8. Ngati pulogalamu yanu siitha kutero, gawani pamanja: mipando 9 ya makalasi onse, 3 ya tsiku limodzi.

Palinso msampha wina pomwepa. Tsiku limodzi lokha likadzaza ndi anthu a tikiti ya tsiku, tikiti ya makalasi onse siingagulitsidwenso, ngakhale masiku 7 enawo mipando ili pululu. Choncho yambani kugulitsa ya makalasi onse, ya tsiku muitsegule kutatsala sabata imodzi.

Tsopano mtengo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, muikemo anu. Tinene kuti kalasi imodzi imadya 600: lendi ya chipinda, nsalu, ulusi, ndi malipiro anu omwe (ambiri amadziiwala okha apa, ndipo si bwino). Makalasi 8 ndiye 4,800. Musagawe ndi mipando 12, chifukwa chipinda sichidzaza nthawi zonse. Gawani ndi anthu amene mukukhulupirira kuti abweradi, mwachitsanzo 8. Aliyense akuyenera kupereka 600, kutanthauza 75 pa kalasi. Mukatsika kuposa pamenepa, mukudya mpamba.

Ikani tikiti ya tsiku pa 100. Makalasi onse akanakhala 800; chotsanipo 15 peresenti, atsale 680, ndiye kuti 85 pa kalasi. Kuchotserako sikukhala kutaya ndalama: wolipiriratu wakupatsani ndalama musanagule nsalu, ndipo ngati kampani yolandirira malipiro imadula kandalama kokhazikika pa malipiro aliwonse, ikudulani kamodzi m'malo mwa kasanu ndi katatu. Koma musachotsere kwambiri. Munthu akaona kuti mtengo ndi wozizira mopitirira, amagula tikiti yonse n'kumangobwera masiku atatu, mpando n'kumakhala wopanda munthu pomwe ena mwawabweza.

Chenjerani ndi makuponi, omwe amachotsera wogula gawo la mtengo. Kuponi ya 20 peresenti ikagwera pa 680, imatsitsa mtengo kufika 544, yomwe ndi 68 pa kalasi, pansi pa 75 uja. Letsani kuponi pa tikiti yomwe yachotseredwa kale.

Za kubweza ndalama mulembe pa tsamba logulira tikiti, munthu asanalipire. Inu mukalephera kuphunzitsa tsiku lina, amene anagula tikiti ya makalasi onse mubwezereni 85, osati 100. Wophunzira akasiya yekha atabwera katatu, masiku atatuwo muwawerengere pa 100, mubweze 380. Mukapanda kutero, anthu azigula tikiti yonse kuti apeze mtengo wotsika, n'kumasiyira panjira.

Nanga wobwera mochedwa? Mapulogalamu ena amangochotsa okha mtengo wa masiku omwe adutsa, moti wolowa pa kalasi yachinayi amalipira 425 pa masiku 5 otsalawo, mtengo womwewo wa amene analipiriratu. Kwa ife si chilungamo. Pa kusoka, pomwe phunziro la lero limadalira la dzulo, tsekani tikiti ya makalasi onse kalasi yachiwiri ikatha.

Musanalengeze, gulani nokha tikiti imodzi yoyesera, muone ngati masiku onse 8 akuonetsa mipando 11. Kenako ifafanizeni, muone ngati yabwerera pa 12.