TV ya magemu: pitani ndi PlayStation yanu kushopu musanapereke ndalama

Funso: Amisiri, ndagula TV ya mainchesi 55 mwezi wathawu, pakatoni analemba 4K Ultra HD. Mpira wa pa dikoda ukuoneka bwino zedi. Koma ndikalumikiza PS4 kuti ndimenye FIFA, ndikadina pasi wosewera amayamba waganiza kaye ndiye n'kupatsira. Kwa mnzanga, pa ka TV kake kakale ka mainchesi 32, PS4 yomweyi imayenda bwinobwino. Ndagula padi yatsopano koma palibe chasintha. Kodi PS4 yanga yatopa? Ndine wa ku Chiputula.

Yankho: PS4 ilibe mlandu achimwene, ndipo ndalama ya padiyo mwangotaya. Mwanena nokha kuti kwa mnzanu zikuyenda. Tengani rimoti, lowani pa Picture Mode, sankhani Game. Ngati pamenepo palibe, pa Samsung fufuzani pa General kenako External Device Manager. Chitani zimenezi muli pa HDMI yomwe mwalowetsa PS4, chifukwa ma TV ambiri amasunga ma setting a port iliyonse payokha. Mukatero zimitsani chilichonse cha dzina la motion: Auto Motion Plus pa Samsung, TruMotion pa LG, Motionflow pa Sony.

TV ikalandira chithunzi siichionetsa pompopompo. Imayamba yachikonza kaye, kuchotsa timadontho, kukoleza mitundu, ngakhale kupeka mafelemu ake, kapena kuti zithunzi zongowonjezera, n'kuwalowetsa pakati pa enieniwo kuti mpira uziyenda mosalala. Poonera filimu palibe angadziwe kuti chithunzi chachedwa popeza palibe chimene mukudina. Pa gemu chala chimadziwa. FIFA imayenda pa mafelemu 60 pa sekondi, ndiye felemu imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 17 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). TV yabwino ikakhala pa Game Mode imachedwa ndi mamilisekondi 10 mpaka 20. TV yomweyo mukaisiya pa Standard kapena Vivid ikhoza kufika pa 100. Amenewo ndi mafelemu 6, ndipo wotchinga kumbuyo amakhala wakulandani kale mpira inu mukadaona ngati uli kumwendo kwanu.

Ngati mwasakasaka Game Mode osaipeza paliponse, ndiye kuti mwagula ma TV achinyengo aja. Amabwera m'makatoni okongola, dzina lofanana ndi la kampani yodziwika koma chilembo chimodzi atasintha, rimoti yopepuka yopanda dzina. Ndikawatsegula pabenchi pano ndimapeza kabodi kamodzi komweko kamene amaika mu TV iliyonse, kaya ya mainchesi 24 kaya 55. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamenepo palibe chimene mmisiri angachite. Siyirani am'nyumba aziwonerapo mafilimu.

Tsono mmene mungadziwire osadalira pakamwa pa wogulitsa, kapena pakamwa panga. Foni yanu ili ndi slow motion pa kamera. Mafoni ambiri amajambula mafelemu 240 pa sekondi, kutanthauza kuti felemu iliyonse ndi mamilisekondi 4 ndi kachidutswa. Ngati yanu imalekera pa 120, felemu ndi mamilisekondi 8, zimathekabe. Imikani foniyo patebulo, muitsamiritse ku kapu kapena buku, izitha kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi: chala chanu pa padi ndi sikirini ya TV. Musayambe ndi gemu. Khalani pa menyu ya PS4 pomwe pali mabokosi a magemu, dinani batani la kumanja kamodzi, mwamphamvu ndi mwachangu, osati kulisisita. Dikirani pang'ono, dinaninso, kangapo ndithu. Chitani masana pafupi ndi windo, chifukwa mababu ena amaphethira pa slow motion ndipo chala sichioneka bwino.

Kenako tsegulani vidiyoyo n'kumaiyendetsa felemu imodziimodzi. Pafoni mumakoka pang'onopang'ono ndi chala, koma ngati pali kompyuta itsegulireni mu pulogalamu ya VLC, kudina E kumapititsa felemu imodzi. Yambani kuwerenga pamene batani lafika pansi, lekani pamene bokosi la pa sikirini layamba kusuntha. Werengani kudina konse kumene munajambula, mutenge nambala ya pakati.

Nambala imeneyi si ya TV yokha ayi. Muli kuchedwa kwa padi, muli kwa PS4, ndiye musathamange nayo pa WhatsApp kuti TV yanga ili ndi zakutizakuti. Ntchito yake ndi kuyerekeza. Padi yomweyo, PS4 yomweyo, menyu yomweyo, chosintha chikhale TV basi. Jambulani pa yanu Game Mode ili yozima, jambulaninso mutaiyatsa, kenako mupite nazo ku ka 32 ka mnzanu kaja. Pa vidiyo ya mafelemu 240 pa sekondi ija, kusiyana kwa mafelemu 3 kapena 4 musakuwerengere, chala sichingakumve. Koma yanu ikamatsalira ndi mafelemu 15 kapena 20 pa Game Mode, TV imeneyo si ya magemu.

Ndipo izi zimayenera kuchitika ndalama zikadali m'thumba. Ikani PS4 m'chikwama, padi ndi chingwe chanu cha HDMI, pitani nazo kushopu. Mavidiyo a maluwa ndi mbalame amene amaonetsa pa fulashi m'mashopu anawapangira kukopa maso, sakuuzani kalikonse za gemu. Wogulitsa akakana kuti mulumikize, mupatseni moni wotsanzika.

Funso: Mlongo wanga wanditumizira PS5 kuchokera ku Johannesburg. Wogulitsa wina m'tauni akuti TV yake ndi ya 120 chifukwa pakatoni palembedwa Motion Rate 120. Ndigule? Ndine wophunzira, ndimakhala ku Luwinga.

Yankho: Motion Rate 120 kawirikawiri ndi sikirini ya 60Hz, yoonetsa mafelemu 60 pa sekondi osati 120, yongovekedwa dzina. Nambala ya pakatoni isiyeni. Tembenuzani TV, werengani nambala ya modelo pa sitika, muifufuze pa intaneti patsamba la kampani imene inapanga. Ikapanda kupezeka kumeneko, mwayankhidwa kale. Ikapezeka, yang'anani pafupi ndi ma port: TV yeniyeni ya 120 nthawi zambiri amalemba 4K 120Hz pambali pa HDMI imene imatha zimenezo, ndipo pa ma TV ambiri si onse, ndi awiri okha mwa anayiwo. Mawu oti HDMI 2.1 paokha musawakhulupirire, masiku ano amaloledwa kulemba chomwecho ngakhale pa port yosafika pa 4K 120.

Koma dzifunseni kaye mumasewera chiyani. PS5 inatuluka mu Novembala 2020 ikutha 4K pa 120, zoona, koma ndi magemu ochepa amene amafika pa 120, monga Call of Duty ndi Fortnite. Mpira wa EA, umene kuyambira 2023 ukutchedwa FC, umayenda pa 60. Ngati inu ndi wa mpira, TV ya 4K ya 60Hz ya kampani yodziwika, yokhala ndi Game Mode yabwino, yakwana. Ndalama yotsalayo mugulire padi yachiwiri. M'kachipinda ka lendi momwe bedi ndi TV zatalikirana mamita awiri, mainchesi 43 ndi okwanira.

Mukalumikiza, lowani pa Settings, Screen and Video, Video Output Information, muone zimene PS5 ikutumiza. Ikamakana 4K kapena HDR (yokoleza kuwala ndi mitundu), port yanu siinatsegulidwe: yatsani Input Signal Plus pa Samsung, Deep Colour pa LG, Enhanced pa Sony ndi Hisense. Dziwani kuti tsamba limenelo limangonena zimene TV yavomera kulandira. Ma TV achinyengo amavomera 4K koma galasi lake lili la 1080, mwinanso kuchepera. Yandikirani pa tizilembo ting'onoting'ono ta pa menyu. Tikamaoneka tophwanyika m'mphepete, 4K yake ndi ya pakatoni. HDR pa TV yotchipa imangodetsa chithunzi, izimitseni. Chingwe gwiritsani chomwe chinabwera m'katoni ya PS5.

Funso: Ndili ndi malo osewetsa magemu ku Chibavi, ma PS4 anayi, ma TV amayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku. Awiri athima sikirini koma mawu akumveka. Ndikufuna kugula ena, mwina OLED poti akuti ndiye yapamwamba.

Yankho: Mawu alipo chithunzi palibe, ndi backlight imeneyo bwana. Yatsani TV, thimitsani magetsi a m'chipinda, walitsani tochi ya foni pagalasi chapambali. Mukaona chithunzi chozimiririka, galasi ndi bodi zili bwino, afa ndi ma LED a kumbuyo. Zimakonzeka, musataye ma TV-wo. Koma uzani wokonzayo asinthe mizere yonse ya ma LED. Pali ena amangochotsa kababu kamodzi kopsa n'kumatapo ka pa TV ina yakufa, mwezi usanathe mwabweranso, ndiye mumati amisiri onse ndi akuba.

Ndipo ndikudziwa chinawapha ndisanawaone. Ali pa Vivid, Backlight pa 100, tsiku lonse, atakhomedwa kukhoma popanda mpata wa mpweya, timabowo ta kumbuyo titatsekeka ndi fumbi. Tsitsani Backlight ifike pa 50 kapena 60. M'kashopu ka mdima anyamata sazindikira n'komwe.

OLED iwalani. Pa mpira kabokosi ka zigoli ndi nthawi kamakhala pamalo amodzi, ndipo pa OLED yoyaka tsiku lonse, masiku onse, kamadzasiya chipsera chosachoka. PS4 wamba imalekera pa 1080, ndiye 4K nayonso simukuifuna. Gulani a LED a mainchesi 32 kapena 43 olembedwa Full HD, 1920 x 1080. Ambiri a 32 ndi HD Ready, 1366 x 768, mayina a osewera amaoneka osokonekera. Ngati anyamata amakhala pafupi, monita ya kompyuta ya mainchesi 24 kapena 27 yokhala ndi HDMI imaposa ma TV otchipa ambiri pa kusachedwa, kungoti zambiri zimafuna sipika yapadera.

Funso: Ndili ndi PS2, pa TV yatsopano zithunzi zikuoneka zoipa kuposa pa yakale ya chimsana ija.

Yankho: PS2 inapangidwira ma TV a chimsanawo. Chingwe chachikasu chija chimatumiza chithunzi chaching'ono chimene TV yatsopano imachikoka kuti chidzaze sikirini. Ngati TV ili ndi mabowo obiriwira, abuluu ndi ofiira, pezani chingwe cha component, ndipo ikani chithunzi pa 4:3. Ngati yachimsana ija ikadalipo, bwererani kumeneko.

Funso: Mvula ya dzana ija itatha, mwana wanga akayatsa PS4 TV ikulemba No Signal. Dikoda nayonso sikuoneka. TV ikuyaka bwinobwino, ndipo tili ndi TV guard. Ndine mayi wa ku Katoto.

Yankho: Pepani amayi, imeneyo ndi mphenzi, ndipo siinadzere ku soketi. Inalowera pa chingwe cha dishi, kupita mu dikoda, kudutsa pa HDMI mpaka pa bodi ya TV, ndipo nthawi zina imapitirira n'kukalowa mu PS4 kudzera pa HDMI inayo. TV guard imayang'anira magetsi a kukhoma okha, akathima n'kubwerera mwamphamvu imadikira kaye. Za chingwe cha dishi sizikuikhudza. Nyengo ya mvula kuno ku Mzuzu, imene imachedwanso kuleka, ma TV otere amadzadza pabenchi.

Mwanayo atenge PS4 akaiyese pa TV ya oyandikana nawo ndi chingwe china. Ikapanda kuonetsa, aizimitse kotheratu, agwire batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, alumikize padi ndi chingwe cha USB. Ikabweretsa menyu ya Safe Mode asankhe Change Resolution, ndiye kuti yapulumuka. Ikakhalabe chete, aunike m'kati mwa port ya HDMI ndi tochi. Timano tikakhala topindika, ndi port yokha, ana amaiwononga pokoka chingwe chammbali. Tikakhala bwinobwino, chapsa ndi kachipu ka HDMI ka pa bodi, kamasinthika koma pamafunika munthu wa makina a mpweya wotentha, osati wa chitsulo chowotcherera mawaya a wailesi.

TV yokhayo, ngati ma port onse a HDMI afa koma fulashi ikuwerenga, yofunika kusintha ndi main board. Bwerani nayo ndi rimoti yake, ndipo funsani kaye mtengo wa bodiyo musanavomere, chifukwa pa ma TV opanda dzina bodi yeniyeni siipezeka. Ikakonzedwa, kukangoyamba kugunda muzizula pulagi kukhoma ndi chingwe cha dishi kumbuyo kwa dikoda, zonse ziwiri. Kuzimitsa ndi rimoti sikuthandiza. Ndipo adaputa yopyapyala ya mabowo asanu ija, imene ndikudziwa kuti TV, dikoda, PS4 ndi matchaja a foni zonse zili pamenepo, ichotseni mugule yokhala ndi fyuzi ndi waya wa earth.