Kodi lupus ndi matenda akumtundu?

Achemwali amene mwafunsa kuti ang'ono anu awapeza ndi lupus, mayi anu ali ndi nyamakazi ija yopinda zala, azakhali nawo chithokomiro chikuwavuta, nde mukuopa kuti ana anu aakazi adzadwalanso, pepani kwambiri. Ineyo ndakhala ndi lupus zaka 6 tsopano, ndinayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'mafupa, kumangomwa mankhwala a malungo osasintha, tsitsi kumathothoka, mpaka abale ena anayamba zoti ndalodzedwa. Nde funso lanuli landikhudza.

Chomwe munthu amatengera kwa makolo si lupus yeniyeniyo ayi, amatengera chitetezo cha m'thupi chosachedwa kusokonezeka. Asilikali a m'thupi aja m'malo molimbana ndi tizilombo amatembenukira khungu lako lomwe, mafupa, magazi, impso. Nyamakazi ya mayi anuyo, matenda ena a chithokomiro, shuga uja woyamba munthu ali mwana, zonsezi gwero lake ndi lomweli, nchifukwa chake banja limodzi mumapeza wina ali ndi ichi wina ichi. Pali majini ena (ndikunena aja timatengera kwa bambo ndi mayi, osati a mizimu) otchedwa HLA, ali pa chromosome 6 (ma chromosome ndi timitolo tosunga majini), ntchito yawo ndi kuthandiza asilikaliwa kusiyanitsa mlendo ndi mwinikhomo, ndipo mitundu ina ya HLA imapezeka kwambiri mwa anthu odwala matendawa. Pa lupus pokha ofufuza apeza malo oposa 100 m'majini athu, aliyense amangowonjezera chiopsezo pang'ono pang'ono, palibe limodzi loti ili ndiye lalakwa, kupatula mwa anthu ochepa kwambiri monga obadwa opanda puloteni ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa C1q omwe pafupifupi 9 mwa 10 amadwaladi.

Chimene chinanditsitsa mtima ine ndi nkhani ya mapasa. Kafukufuku wa mu 1992 ku America anapeza kuti mwa mapasa ofanana ndendende aja, majini awo amodzimodzi, wina akadwala lupus mnzakeyo amadwalanso ka 24 pa 100 basi, ndipo mapasa osafanana ka 2 pa 100. Taganizani, munthu wofanana naye chilichonse koma nthawi zambiri sadwala, nanga ana anu omwe wodwalayo ndi mayi awo aang'ono? Majiniwa ali ngati tchire louma la mu Okutobala, litha kukhala chaka chonse osapsa ngati palibe waponyapo moto. Moto wake ndi monga dzuwa lamphamvu, kusuta fodya, kachilombo ka Epstein-Barr komwe pafupifupi tonse tinakatengapo tili ana, ndi mahomoni achizimayi.

Za ana aakazizo mukunena zoona ndithu, mwa odwala 10 pafupifupi 9 ndi akazi, makamaka a zaka 15 mpaka 45. Ife akazi tili ndi ma chromosome a X awiri pomwe amuna ali ndi imodzi, ndipo jini ina yotchedwa TLR7 yomwe imadzutsa asilikali a m'thupi ili pa X pomwepo. Mu 2022 gulu la Carola Vinuesa linapeza kamtsikana ka ku Spain komwe kanadwala lupus yoopsa kali ndi zaka 7 chifukwa TLR7 yake inali yolusa mopitirira, atayika kusintha komweko mu mbewa nazonso zinadwala. Ngakhale amuna obadwa ndi X wowonjezera, a XXY aja, lupus imawagwira kwambiri kuposa amuna anzawo.

Ndiye pali mbali yokhudza ife akuda yomwe imandipatsa maganizo kwambiri. Ku America ndi ku Britain akazi akuda amadwala lupus kuposa azungu ndipo imakonda kuwagwira impso. Mu 2010 ofufuza anaona kuti kusintha kwina mu jini ya FCGR2B kunkateteza ana a ku Kenya ku malungo aakulu, koma kusintha komweko kumakweza chiopsezo cha lupus. Jini ina yotchedwa APOL1 nayo chimodzimodzi, mitundu ina imathandiza thupi kupha tizilombo ta kaodzera, uja timamva ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, koma ukatenga mitunduyo kwa makolo onse awiri impso sizichedwa kuwonongeka lupus ikalowamo. Monga zilili ndi sickle cell ndi malungo, chomwe chinapulumutsa makolo athu ndi chomwe chikutivutitsa ena lero. Nde wina asamakunyozeni kuti mtundu wanu ndi wa magazi oyipa, kapena kuloza chala agogo kumudzi.

Anawo musathamangire kukawayezetsa ANA (kuyeza magazi kofufuzira lupus) ali bwinobwino, anthu ambiri athanzi imatuluka positive nkungodzipatsa nkhawa. Muzingoyang'anira zidzolo za pamphuno ndi m'masaya zokhala ngati gulugufe makamaka akakhala padzuwa, zilonda m'kamwa, kutupa mokumana mafupa kwa masabata, kutopa kosatha, mkodzo wa thovu kapena kutupa mapazi, mukaona izi adokotala muwauze za m'banjamo zonse. Ang'ono anuwo asasiye mankhwala a lupus a hydroxychloroquine ngakhale akumva bwino, aziyezetsa mkodzo pafupipafupi chifukwa impso zimawonongeka osamva kuwawa, ndipo akafuna kutenga mimba ayambe akambirana ndi adokotala, mankhwala ena monga methotrexate ndi mycophenolate amavulaza mwana m'mimba ndiye amafunika kusinthidwa kaye.