Are You Experienced: kodi ndi phokoso chabe lotamidwa ndi madala?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira gitala. Akuti paliponse pa intaneti anthu akutama Are You Experienced, chimbale choyamba cha Jimi Hendrix, koma iye atachimvera pa foni wangopezamo phokoso ndi mawu osamveka bwino. Ndiye akufunsa ngati chimbalechi n'chabwinodi, kapena chimangotamidwa poti mwini wake anamwalira ali wamng'ono.

Achimwene, mwandiputa dala, chifukwa chimbale chimenechi ndakangana nacho anthu kuyambira ndili mwana.

Amalume anga anagwira ntchito ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970. Pobwerera kumudzi kuno anayamba ameta tsitsi asanafike pamalire, poti nthawi ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali ankatengedwa ngati wophwanya lamulo. Anzawo anabwerako ndi njinga ndi malata, iwo anabwera ndi galamafoni ndi katoni ya mbale zake. Mayi anga sanawakhululukire msanga pa nkhani imeneyi. Loweruka masana amalume ankatulutsa galamafoniyo pakhonde, n'kuika ndalama yachitsulo pamwamba pa mkono wa singano kuti isamalumphe, ife ana n'kukhala pansi kudikira. Mayi akangomva gitala ikulira ngati yapsa ankati, "Achimwene, zoimba za osuta chamba zanuzo muzikamvera kudambo." Amalume ankangomwetulira n'kukwezako pang'ono. Sankatifotokozera kanthu. Ankangokweza chala m'mwamba pamene akufuna timvetsere, kenaka n'kutseka maso. Pa wailesi ya MBC, imene inali yokhayo m'dziko muno, zoterezi ine sindinazimvepo, choncho kwa ife Hendrix anali munthu wa m'katoni ya amalume basi.

Nditakula n'kupita ku koleji ndinapeza mnzanga wina amene anali ndi kaseti yojambulitsa ya chimbale chomwechi. Tinakangana usiku wonse. Iye ankati nyimbo yoyamba ndi Purple Haze, ine ndinkalumbira kuti ndi Foxy Lady ndipo Purple Haze mulibemo n'komwe. Ndinamufunsa za Red House, iye n'kundiyang'ana ngati ndapenga. Tonse tinkanena zoona. Chimbale cha amalume chinali cha ku Britain, chimene kampani ya Track inatulutsa mu May 1967. Cha mnzangayo chinali cha ku America, chimene Reprise inatulutsa mu August chaka chomwecho. A ku America anachotsamo Red House, Can You See Me ndi Remember, n'kuikamo Purple Haze, Hey Joe ndi The Wind Cries Mary, nyimbo zimene ku Britain zinali zitagulitsidwa kale pa timbale tating'ono. Chimene mwamvera inu pa foni mwina ndi chachitatu, cha nyimbo 17, chophatikiza zonse ziwiri ndi zina zowonjezera. Choncho anthu akamati "chimbale chosaguga", ambiri sadziwa kuti akutama chiti. Zimenezi zimandinyansa kwambiri kuposa mmene ziyenera kundinyansira, ndikudziwa.

Za imfa tithane nazo msanga. Hendrix anamwalira ku London mu September 1970 ali ndi zaka 27, koma chimbalechi chinagwedeza anthu iye ali moyo. Ku Britain chinafika pa nambala 2, ndipo chimene chinachitsekereza pamwamba ndi Sgt. Pepper cha The Beatles. Anafika ku London mu September 1966 ali munthu wosadziwika, amene ankangoimbira kumbuyo anthu ena monga Little Richard ndi Isley Brothers. Patangopita sabata imodzi anakwera pa nsanja kukaimba ndi gulu la Cream, katswiri wawo wa gitala Eric Clapton ali pomwepo, ndipo mbiri yake inafala mumzindamo asanajambule chimbale chakechi. Imfa inawonjezera nthano, n'zoona, zithunzi za pa malaya ndi nkhani yowotcha gitala pa chikondwerero cha nyimbo ku Monterey. Koma ulemu wa chimbale unabwera kale.

Vuto lanu ndi lina, ndipo si lanu nokha. Mwabadwa m'dziko limene Hendrix analisintha kale. Kulira kwa gitala kokhakhala kuja mwakumva m'mafilimu, m'malonda a pa TV, ngakhale kutchalitchi mnyamata wa gitala akatengeka. Ndiye mukafika pa gwero lake mukuona ngati zachikale. Mu 1967 kulira kumene kumabwera gitala ikayandikira sipika kunali kutagwiritsidwapo ntchito ndi oimba ena, koma ambiri ankakuonabe ngati ngozi yoyenera kuipewa. Hendrix anakuweta. Mverani kumapeto kwa I Don't Live Today, kapena poyambira Foxy Lady pamene chingwe chimodzi chimanjenjemera mpaka kulirako kukukula kokha. Pa nyimbo imene yapatsa chimbale dzina anajambula gitala ndi ng'oma n'kutembenuza tepi kuti zizimveka chobwerera m'mbuyo. Zonsezi pa makina ojambulira mawu a njira zinayi zokha, m'masitudiyo atatu a mu London, De Lane Lea, CBS ndi Olympic, ndalama zili zoperewera. Chas Chandler, amene anamubweretsa ku Britain ndipo kale ankaimba besi mu The Animals, sankafuna zotaya nthawi. Nyimbo izikhala ya mphindi zitatu kapena zinayi, mwajambula, tiyeni kwina.

Ndipo poti ndinu wa gitala, chimene chiyenera kukusowetsani tulo si phokosolo ayi. Ndi nyimbo zofatsa. Munthuyu anali wamanzere, anatenga Fender Stratocaster ya anthu akumanja n'kuitembenuza, zingwe n'kuzimanganso mwa iye. Chala chachikulu ankachikoloweka pamwamba pa khosi la gitala kuti chigwire chingwe chokhuthala, zala zinazo n'kumasuka kukongoletsa nyimbo, moti munthu mmodzi ankamveka ngati awiri. Yesani kuimba The Wind Cries Mary mmene anaiimbira iye, muona pamene zala zanu zikanire. Komanso anthu amaiwala Mitch Mitchell wa m'gulu lake. Woimba ng'oma ameneyu anakulira mu jazz, ndipo pa Manic Depression, imene imayenda mowerenga katatu m'malo mwa kanayi, ndi iye amene wanyamula nyimbo yonse pamutu.

Koma apa ndiye pamene ndimasiyana ndi madala anzanga. Ndatopa ndi anthu amene amatenga chimbale ngati chikwapu chokwapulira achinyamata. Mwana akangoti sindinachikonde, iwo amvekere "simudziwa nyimbo inu." Bodza. Chimbalechi chili ndi zofooka ndipo wozikana sanachimvere bwino. Remember ndi nyimbo wamba imene gulu lililonse la nthawiyo likanaimba. Can You See Me ndi yongodzazira malo. Noel Redding anali woimba gitala amene anapatsidwa besi chifukwa pamalopo panalibe munthu, ndipo m'nyimbo zingapo zimamveka kuti akungotsatira. Mawu olankhula ochedwetsedwa mu Third Stone from the Sun anali odabwitsa nthawi imeneyo, lero ndimangodikira kuti adutse. Kajambulidwe nako n'kopyapyala, chifukwa pothithikiza zinthu zambiri pa njira zinayi china chimatayika. Magazini ya Rolling Stone inachiika pa nambala 15 mu 2003 pa mndandanda wa zimbale 500, ndipo mu 2020 inachitsitsira pa 30. Nyimbo zake zinasintha? Ayi, anasintha ndi oponya mavoti. Mindandanda imeneyi musamaiope.

Zimandipweteka kwambiri ndikakumbukira zina zimene zinali m'katoni ya amalume muja. Munali Paul Ngozi. Munali WITCH, gulu la Jagari Chanda. Anyamata a ku Lusaka ndi ku migodi anamva Hendrix, anamvanso magulu ena a ku Britain, n'kupanga chawochawo chimene lero chikutchedwa Zamrock, pa nthawi imene Kaunda analamula kuti wailesi ya dzikolo iziulutsa kwambiri nyimbo za kwawo komweko. Amanaz anatulutsa Africa mu 1975, Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976, gitala yokhakhala yomweyo, koma Ngozi ankatha kuimba m'chilankhulo chimene mayi anga ankamva, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ankamuda kuposa Hendrix, poti mwanowo ankaumva wonse. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Zimbale zimenezi zinakhala zoiwalika kunja kwa Zambia mpaka makampani akunja, monga Now-Again ya ku Los Angeles, atayamba kuzisindikizanso. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatengako chidutswa cha Nizakupanga Ngozi n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid, ndiye mwadzidzidzi ana a m'tauni akundifunsa ine ngati ndinamumvapo Paul Ngozi. Ine! Nkhaniyi ndidzailemba payokha tsiku lina, chifukwa ndikaiyamba pano sitimaliza. Ndangoitchula kuti muone kutalika kwa pamene chimbale cha Hendrix chinafika. Nyimbo zojambulidwa mothamanga mu London zinakasintha kagwiridwe ka gitala ku Copperbelt pasanathe zaka khumi. Umboni umenewu ine ndimaukhulupirira kuposa mavoti a olemba nkhani.

Ndiye yankho langa n'lotani?

Inde, ulemu wake chikuuyenera, koma si chimbale chake choposa zonse. Chandler atamumanga pa mphindi zitatu tinapeza nyimbo zolimba zosataya nthawi, koma Hendrix womasuka ali pa Electric Ladyland ya 1968, imene Chandler anaisiya pakati atatopa ndi kubwerezabwereza kwa mu situdiyo. Ndipo ngati mukufuna kumva chimene gitala ingathe kunena popanda mawu, ndi Machine Gun, pa Band of Gypsys ya 1970, ali ndi Billy Cox pa besi ndi Buddy Miles pa ng'oma. Amalume analibe chimenechi. Ndinadzachimva ndili wamkulu kale ndipo ndinakhala chete nthawi yaitali.

Chochita chake ndi ichi. Musamverenso pa sipika ya foni, imadya besi ndi ng'oma n'kusiya kukhakhala kokhako, n'chifukwa chake mwamva phokoso. Bwerekani mahedifoni abwino. Musayambe ndi nyimbo 17 zonse. Yambani ndi Red House, The Wind Cries Mary, May This Be Love ndi Manic Depression, gitala yanu ili pamiyendo, mukuyesa kutsatira. Kenaka mverani nyimbo ziwiri zitatu zilizonse zotchuka za 1966 kuti khutu lidziwe kumene anthu ankachokera, ndiyeno muike Purple Haze. Mukadzatero n'kupezabe kuti sichikukugwirani, palibe mlandu, pitani kwa Paul Ngozi. Koma mundilembere, ndipo munene kuti mwamvera cha ku Britain kapena cha ku America.