Kodi Ndingatuluke M'chipatala Tsiku Lomwe Ndachira?

Funso: Ndili ndi pakati poyamba, ndipo apongozi anga akuti ndikachira bwinobwino ndidzabwerere kunyumba tsiku lomwelo chifukwa kuwodi kumadzaza. Kodi pali vuto? Mayi wa ku Mchinji.

Yankho: Zikomo mayi. Ngakhale kudzaza kwa kuwodi kuli koona, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi khanda akhale m'chipatala kwa maola osachepera 24 atachira, chifukwa kutaya magazi kwambiri, komwe kumapha amayi ochuluka, kumachitika makamaka m'maola amenewa pamene chiberekero chalephera kukungika. N'chifukwa chake azamba amakugwirani pamimba kuti amve ngati chiberekero chalimba, amayang'ana nsalu imene mwavala, ndiponso amayeza kuthamanga kwa magazi ndi kutentha kwa thupi.

Khanda nalo amaliona ngati likupuma bwino, likuyamwa, komanso ngati maso ake sakuoneka achikasu. Limalandira katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu (TB) ndi madontho a poliyo, ndipo likabadwa losakwana makilogalamu 2.5 amakuphunzitsani kulifungatira pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu. Pamchombo musapake phulusa kapena mankhwala azitsamba, ngakhale akuluakulu atakakamiza.

Mukatuluka, mubwererenso kukapimidwa pakatha masiku 2 kapena 3 kuchokera tsiku lomwe mwachira, pakatha sabata imodzi, kenako pa masabata 6. Koma mukamva mutu kupweteka kwambiri, thupi kutentha, kapena mwana akasiya kuyamwa, thamangirani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani m'buku.