Lupita sanangodzuka n'kutola Oscar

Achemwali, mwafunsa ngati katswiri wa mafilimu Lupita Nyong'o ndi wa ku Kenya kapena wa ku Mexico, komanso ngati n'zoona kuti anangochita mwayi kupata Oscar, mphoto yaikulu ya zamafilimu ku America, pa filimu yake yoyamba. Funso loyambalo n'losavuta: ndi nzika ya maiko onse awiri. Anabadwira ku Mexico City pa 1 Marichi 1983, bambo ake, a Peter Anyang' Nyong'o, akuphunzitsa zandale pa koleji ina kumeneko. Sanapiteko kokayenda ayi. Masiku amenewo ku Kenya kunali kotentha kwa aliyense wotsutsa boma la Daniel arap Moi, moti m'bale wawo wa bambowo anasowa mu 1980 osaonekanso. Dzina loti Lupita n'la Chisipanishi, chidule cha Guadalupe, pomwe la kwawo kwa Aluo ndi Amondi. Makolo anabwerera naye ku Kenya asanakwanitse chaka, ndiye anakulira ku Nairobi.

Za mwayizo ndiye ndikanako. Ali ndi zaka 14 anali kale pa siteji, akusewera ngati Juliet mu sewero la Romeo and Juliet ndi gulu la zisudzo la Phoenix Players ku Nairobi konko. Atafika zaka 16 makolo anamutumiza ku Taxco, ku Mexico, kuti akaphunzire Chisipanishi kwa miyezi 7. Kenaka anapita ku Hampshire College ku America kukaphunzira zamafilimu ndi zisudzo.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti ntchito yake yoyamba m'mafilimu sinali yoonekera pa kanema. Pomwe ankajambula The Constant Gardener ku Kenya, iye anali wotumidwatumidwa, kuthamanga uku ndi uku kuti akatswiri asasowe kanthu. Mwiniwake amanena kuti atauza Ralph Fiennes, katswiri wamkulu wa mufilimuyo, zoti akufuna kukhala wazisudzo, bamboyo anamulangiza kuti alowemo pokhapokha ngati akuona kuti sangakhale popanda ntchitoyo. Malangizo ngati amenewo ambirife tikanangoti zikomo n'kukafunsira ntchito ya muofesi.

Mu 2009 anatulutsa filimu yakeyake, In My Genes, yofotokoza moyo wa anthu achialubino ku Kenya. Analemba yekha, n'kutsogolera yekha. Ife kuno nkhani imeneyi timaidziwa kuwawa kwake, choncho ndimamulemekeza kuti anaigwira dzina lake lisanamveke. Chaka chomwecho anaoneka mu sewero la pa TV la Shuga, lokamba za achinyamata ndi HIV, ngati Ayira. Atachoka apo anakalowa sukulu ya zisudzo ya Yale ku America, ndipo anamusankha kukhala Patsey, mtsikana wa ukapolo, mu filimu ya 12 Years a Slave atatsala pang'ono kumaliza maphunzirowo mu 2012.

Tisanamizane, sanachokere m'banja losauka. Bambo ake anakhalapo phungu ndi nduna ya boma, ndipo si mwana aliyense wa ku Nairobi angatumizidwe kunja kukangophunzira chilankhulo. Pamenepo ndikuvomerezani. Koma makolo sangakulowere pa siteji, ndipo gawo la Patsey ankalilimbirana atsikana ambirimbiri.

Oscar ija anailandira chifukwa cha gawo la Patsey lomwelo pa 2 Marichi 2014, atangokwanitsa zaka 31 dzulo lake, patatha zaka 17 chisewerereni Juliet. Mukafuna kumuona asanatchuke, sakani gawo loyamba la Shuga, lomwe anajambula ku Nairobi, osati magawo a ku Nigeria omwe anabwera pambuyo pake.